Nkhokwe ya ku Falansa

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba, ndipo mutu wawo unali wouma kuposa njerwa zimene ankamangira. Ine ndinatengera iwowo, choncho musaganize kuti ndikuwanena.

Chaka china anakakonza khonde ku mishoni ku Nguludi, ndipo wansembe wina wokalamba wa ku Falansa anawapatsa buku la zithunzi. Zinali zithunzi zakalekale, zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, zojambulidwa makamera atangoyamba kumene. Monsemo munali nyumba za mafumu akwawoko, zamiyala, ndipo pangodya iliyonse panali nsanja yozungulira yadenga losongoka. Munthu munalibe ndi mmodzi yemwe. Wansembeyo anafotokoza kuti makamera a nthawi imeneyo ankachedwa kugwira chithunzi, moti munthu woyenda sankaoneka. Anatinso nsanjazo zinali zankhondo.

Bambo anavomera zonse mwaulemu, koma atafika kunyumba anatambasula bukulo pamphasa n'kutiuza zawo.

"Anthu sakuoneka chifukwa ali kumunda," anatero. "Taonani nkhokwe zawozi! Nyumba imodzi nkhokwe folo. Awa ndiye alimi."

Ndinawakumbutsa kuti mwini bukulo wati n'zankhondo.

"Nanga nkhondo yoposa njala ndi iti?"

Mvula itangosiya anayamba kumanga kuseri kwa nyumba yathu ku Likoswe. Nkhokwe yansungwi imene inatisunga zaka zambiri anaigwetsa, ati ndi yachikale. M'malo mwake munakwera nsanja yanjerwa zootcha, yaitali kuposa mtengo wapapaya, yopaka simenti kunja ndi m'kati, yadenga lamalata losongoka. Mawindo anali timing'alu tiwiri monga m'chithunzimo, ndipo nato anatitseka ndi magalasi kuopa mbewa.

Amayi anayang'ana kumwamba, dzanja lili pachipumi. "Abambo ake, chimanga chimafuna mphepo."

"Mphepo ya chiyani? Chikupita kuti?"

Kunena zoona, chinthucho chinali chokongola. Anthu opita kuchigayo ankatsika panjinga kudzachiona. Ena ankafunsa ngati tikutsegula tchalitchi, ndipo m'bale wina wachisilamu anafunsa mwaulemu ngati pamwambapo padzakhale poitanira mapemphero. Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Amalume okha, mchimwene wa amayi, anazungulira kamodzi n'kunena kuti, "Alamu, chikomekome cha mkuyu." Bambo sanawayankhulenso miyezi itatu.

Tinathiramo chimanga chonse cha chaka chimenecho, kupatula matumba ochepa amene tinayamba kudya. Bambo anatseka kachitseko ndi loko, kiyi n'kumangirira m'chiuno.

Matumba aja anatha mu Disembala, mvula ili pakati. Bambo anavala jekete, anaitana ndi oyandikana nawo omwe kuti adzaone, n'kutsegula. Fungo limene linatuluka mmenemo linabweza ngakhale galu. Makoma anali atachita thukuta, chimanga chonse chitagwirana ndi chuku, china chitamera ndevu zoyera mumdimamo. Anthu anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti asiya mbuzi zosamanga.

Amayi anasuzumira, kenaka anati, "Nkhondo mwapambana ndithu. Mbewa sinalowe, wakuba sanalowe, ndi mphepo yomwe sinalowe."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma nditaona nkhope ya bambo, kuseka kunandithera, ndipo ndinachita mantha. M'nyumba tinalimo anthu asanu ndi awiri, ndipo chimanga chakumunda chinali chisanafike ndi m'mawondo momwe. Munthu yekhayo amene anali ndi chimanga chokwanira kugawa anali amalume aja.

Bambo anakhala masiku awiri akupopa njinga yopopa kale. Tsiku lachitatu anamanga matumba opanda kanthu pakaliyala, ndipo amayi anandituma kuti ndiwaperekeze, kuopa kuti angakhote panjira. Tinawapeza amalume atakhala pansi pa nkhokwe yawo yansungwi, yopendekeka, yochirikizidwa ndi mtengo. Bambo, amene sindinawaonepo akugonjera munthu, anavula chipewa n'kunjuta.

"Alamu, ana alibe chakudya."

Ndinadikira chipongwe, ndipo ndinali nditakonzeka kuwayankhira bambo anga. Amalume anangodzuka n'kutsamiritsa makwerero pankhokwepo.

"Kwerani inuyo, alamu," anatero. "Koma mukwere bwino. Yathuyi anamanga si amisiri."