Dzinja Limene Amalume Ankatola Nyerere

Chikwakwa cha amalume chinali ndi chigwiriro chokulunga ndi mphira wa njinga. Ndicho ankatchetchera udzu ku Boma dzinja lija, khoti litawalamula kugwira ntchito yaulere m'malo mopita kundende. Anali atavulaza munthu kumowa. Akhoti anawachenjezeratu: kujomba kapena kubwera ataledzera, ndende basi.

Amayi, mlongo wawo, anazungulira mudzi wathu wonse wa Nchema kuopseza otcheza kachasu kuti asawagulitse ngakhale kadontho. Amayi anga analibe masewera.

Sipanapite nthawi, manja a amalume anayamba kunjenjemera, kapu ya tiyi kumagunda mano. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinawapeza pakhonde akutola nyerere pamikono yawo, imodziimodzi, n'kumaziponya pansi. Ndinayang'anitsitsa. Nyerere panalibe. Anandigwira ndi dzanja lozizira, lathukuta, n'kuloza pamtengo wa mango. "Kawauze bambo achoke apo, akundiyang'ana." Bambo awowo, agogo anga, tinali titawaika m'manda ndisanayambe sukulu. Mayo ine, ndinadzikodzera pomwepo.

Amayi, munthu wa kwaya, anazemba kupita kwa sing'anga cha ku Mikolongwe. Anabwerako ndi yankho: malemu ali ndi ludzu, ndipo alowa mwa mwana wawo. Anakapempha masese kuseri kwa mudzi, nathira pang'ono patsinde pa mango, otsalawo n'kupatsa amalume kuti amwere malemuwo. Chikho choyamba, chachiwiri. Manja aja anangoti zii. Nyerere zinapita. Amayi anaimba nthungululu, misozi ili chuchuchu.

Lero ndikamakumbuka ndimapsa mtima. Munthu uja ankafunika chipatala, thupi lake linkalira mowa umene linazolowera. Koma anangopatsidwa udzu woti atchetche, ndipo kwathu ndani akanadziwa?

Malemu anayamba kumva ludzu m'mawa uliwonse. Masese anachepa, kachasu anabwerera. Amalume anajomba, anajombanso, apolisi anabwera n'kuwatenga. Sabata isanathe uthenga unafika: amwalira m'chitokosi, akudzikanda, akukuwa kuti bambo awo aima pakhomo.

Ine zinkandimvekera bwinobwino. Kundende kunalibe woti awapatse agogo mowa, ndiye agogo anakwiya. Chimene chinandizunguza pamaliro paja n'chakuti amayi, amene anachiritsa amalume ine ndikuona ndi maso angawa, ankagubuduzika pafumbi akulira kuti, "Ndamupha ndine, ndamupha ndine mlongo wanga."