Nyimbo Imene Inakatenga Bambo ku Halale

Ndikakumbukira agogo a Zefaniya, ndimamva fungo la fodya wa chingambwe ndi la makoko a manachesi amene ankaponya pa makala, utsi wake n'kumakwera pang'onopang'ono m'chisanu cha m'mawa cha kwathu ku Nsambe, iwo ali pakhonde, miyendo atatambasula, gitala ili pachifuwa. Sanali agogo anga enieni. Tinkangoyandikana nyumba, koma mudzi wonse unkawatcha agogo, ndipo ine ndinkalimbikira kuposa onse.

Gitalayo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Kumeneko anamva pa galamafoni ya kapitawo nyimbo za azungu oweta ng'ombe, zija woyimba amati akafika pakati n'kutembenuza mawu kukhosi ngati wameza mbatata yotentha. Anazikonda kwambiri, koma popeza Chizungu chinawakana, anayamba kupeka zawo m'chinenero chathu. Nsambo ikaduka ankamangapo waya wa mabuleki a njinga. Ankayimba pa maukwati ndi pa mowa wa dima, malipiro ake nkhuku kapena chipanda chodzaza. Akuluakulu a mpingo ankati gitala ndi ya Satana, koma akamadutsa pakhomopo miyendo inkawalemera.

Bambo anga a Lameki anapita kukagwira ntchito ku Halale ine ndili kumsana. Poyamba ankatumiza bulangete ndi nsalu kudzera mwa anzawo obwerera, kenako kunangoti zii. Pamene mano anga ankayamba kugweluka, anthu anali atayamba kale kuwatcha mtchona. Tsiku lina malume, eni mbumba, anaitana amayi.

"Mlongo wanga, mkamwini wosaoneka si mkamwini. Tikakolola, ukwati uwu tiuthetsa. Kuli bambo wina ku Lisungwi akukufuna."

Mawu a malume sankabwezedwa. Koma amayi ankawakondabe bambo. Kuyambira pamenepo ankasinja osayimba, ndipo ine mantha anandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti bambo anga sindidzawaonanso.

M'mawa wina ndinapita kwa agogo kukapala moto. Ataona nkhope yanga anandikhazika pansi, ndipo ndinawauza zonse.

"Kodi Esinati, bambo ako atakhala pano, ungawauze chiyani?"

Ndinaganiza, ndinaganiza. "Ndingawauze kuti mano anga agweluka."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka, n'kuyamba kukhudza nsambo imodziimodzi, moto umene ndinapalawo n'kuzimira m'phale ine ndili kukamwa yasa. Dzuwa lisanafike pamutu nyimbo inali itapsa:

Lameki wa ku Nsambe, Lameki iwe,
denga la kwanu ladontha,
mano a mwana agweluka, ena amera,
iwe osawaona.

Njira ya opita kunja inkadutsa pakhomo pa agogo. Mnyamata aliyense wonyamula kamtolo ankamuimitsa, kumupatsa manachesi, osamulola kupita mpaka ataigwira nyimboyo ndi kutembenuza kwake komwe. Ena ankachita manyazi ndi kulira kwa kukhosi kuja, koma agogo sankawamvera chisoni. "Bwerezanso," ankatero. "Munthu amafunsidwa chitupa pa malire, nyimbo safunsa."

Malume atamva anabwera atalusa. "Agogo, mwatiika pa mbalambanda! Nkhani ya m'nyumba n'kumaiyimba pa msewu?"

"Ndanama pati?" anafunsa agogo, akukunga nsambo. "Denga silikudontha?"

Malume anangobwerera kwawo, chifukwa dengalo analiona okha.

Tinakolola. Amayi anapempha kuti adikire mpaka tchire lipse, malume n'kulola monyinyirika. Tchire linapsa, mapiri onse anada. Bambo wa ku Lisungwi uja anatumiza kale ankhoswe, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti agogo anangondisangalatsa monga achitira ndi mwana.

Masana ena kukutentha, ndili pakhonde pa agogo kutongola chimanga, panafika mwamuna wamtali, fumbi mpaka m'nsidze, sutikesi ya chitsulo ili pamutu. Sanaodire n'komwe.

"Ndinu a Zefaniya? Ndinu amene mwandiyalutsa? Komboni yonse ikundiyimba! Ndikapita kotunga madzi, Lameki iwe! Ndikalowa m'tchalitchi, ana akunong'onezana za denga. Ngakhale Mashona osamva chinenero chathu akundiyimba! Ndabwera kuti mundiuze chimene ndinakulakwirani."

Ndinaona ngati awamenya. Agogo sanasunthe. Anangotsamiritsa gitala kukhoma.

"Takulandirani, bambo. Ine simunandilakwire. Mawuwo si anga, mwini wake ndi uyu." Anandilozera ine. "Esinati, tayasamula awaone."

Ndinayasamula. Mwamunayo anayang'ana mano anga atsopano, akuluakulu osalingana ndi nkhope, n'kutsitsa sutikesi pang'onopang'ono. Anagwada pafumbi pomwepo, n'kulira mokweza anthu akuona. Ine ndinakhalabe chiyasamulire, poti palibe anandiuza kuti nditseke.

Mlandu unakambidwa, bambo anapepesa kwa malume, ankhoswe a ku Lisungwi anabwezedwa. Mvula isanagwe, bambo anafolera denga. Sanapitenso kunja, ndipo pambuyo panga panabadwa ana ena anayi. Ndi agogo sanayankhulane chaka chathunthu, koma agogo atamwalira, anali bambo amene anatsogolera adzukulu kukumba manda.

Mawu a agogo sanalowe mu galamafoni iliyonse, ndipo dzina lawo achinyamata salidziwa. Ine ndimawathokoza mpaka lero, ndakalamba, mano aja anagwelukanso. Nthawi zina pa ukwati ndimamva anyamata akuyimba Lameki iwe, akuvina, akuyesa kuti ndi munthu wongopeka. Ndimadikira amalize, kenako ndimakoka mmodzi pa malaya n'kumuuza kuti, "Lameki ameneyo ndi bambo anga, ndipo anabwera."