Msana wa Amayi Anga pa Positikhadi

Lachiwiri lapitali ndinapalasa njinga kupita ku Zomba kukagula singano. Musaseke. Chimwalirireni mayi akunyumba, mabatani ndimasoka ndekha, ndipo singano ndimataya ngati mwana.

Mwenye wa sitoloyo anabaya singanozo pa kakhadi kachikale n'kundipatsa. Nditatuluka panja ndinakatembenuza. Inali positikhadi, zija ankatumizirana azungu kalekale. Pachithunzipo panali dooko lathu la pa mtsinje wa Domasi, mkuyu uja anadula pokuza msewu uli chiimire. Amayi anayi ali pamzere, atatu mitsuko pamutu, wachinayi atafulatira, mtsuko wake uli pansi. M'munsi analemba m'Chingerezi kuti ndi akazi akuda akutunga madzi. Basi. Dzina ngakhale limodzi ayi.

Inetu amayi anga sindiwadziwa nkhope. Anamwalira ndikukwawa, ndipo chithunzi chawo palibe amene anachionapo. Ndiye nditaona mayi wa patsogoloyo, wamtali, wamphumi ngati yangayi, mtima unati ndi amenewa.

Ndinabwerera m'sitolo kukafunsa makhadi ena. Mwenye anati linali bokosi lathunthu, koma onse anapita ndi ogula singano ndi mbedza. Mwamva? Domasi wakale wathera m'matumba a asodzi.

Koma Mwenyeyo tisamunene. Ife nanga? Loweruka lililonse wojambula akafika pa Songani timathamangira, jekete yobwereka, wailesi ya mnzako m'manja, nkhope yolimba ngati ukupita kukhoti. Chithunzi chikatuluka timachiponya m'sutikesi. Ndani amalemba kuseri kuti uyu ndi uje, mwana wa uje, pa malo akutiakuti? Timati tikudziwana. Inde tikudziwana lero. Mawa mdzukulu adzangoona anthu achilendo atavala majekete osawakwana, adzakolezera moto.

Lachinayi ndinapita kwa Abiti Selemani, kuseri kwa msika wa Songani. Iwowa ankatunga madzi limodzi ndi amayi anga, wina Msilamu wina Mkhristu, koma dooko limodzi. Mwa anthu a nthawi imeneyo atsala okha. Ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga mongopapasa, poti ng'ala yawatseka maso onse awiri.

Khadi ija anaifikitsa pamphuno, n'kupukusa mutu.

"Ndikungoona utsi, mwanangu. Undiuze iwe."

Ndinawafotokozera za mkuyu, za mzere, za mitsuko. Anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Aa! Ndi tsiku la mzungu wa bokosi la miyendo itatu limenelo! Anadzifunditsa chinsalu chakuda, ife njenjenje."

"Ndiye wa patsogoloyu, wamtaliyu, ndi amayi anga?"

"Iyayi. Amenewo ndi Anambewe, mkazi wolongolola uja. Kudooko tinkapita mwa ukulu, wamkulu patsogolo. Wachiwiri ndi Abiti Mussa, wachitatu ndine. Amako anali wamng'ono mwa tonse, malo awo anali kumbuyo."

Kumbuyo. Wofulatira uja.

Ndikuuzeni zoona, ndinakwiya. Zaka zonsezi ndikufuna nkhope imeneyi, lero ndaipeza, yandipatsa nkhongo! Ndinafunsa mwaukali ngati kuti Abiti ndi amene analakwa.

"Anafulatiriranji? Manyazi?"

"Manyazi amako? Sunawadziwedi. Masiku amenewo tinkati bokosi lija likayang'ana khanda limalanda mthunzi wake, mwanayo sakula. Mzungu atangoti tiime, amako anatula mtsuko, n'kukuchotsa kumsana, n'kukukumbatira pachifuwa, n'kumupatsa msana mzunguyo. Mzunguyo anakuwa, anakuwa, iwo osatembenuka. Tayang'anitsitsa, sukuonekamo?"

Ndinayang'anitsitsa. Pansi pa chigongono chawo panali kanthu koyererako, kamene poyamba ndinkati ndi dothi la pakhadi. Kanali kaphazi.

Abiti anapitiriza kupeta mpunga wawo, nkhuku zikutola pansi. Patapita nthawi anati, "Pakhadipo tatsala awiri, ine ndi phazi lako."

Pobwerera njinga sindinakwere, ndinangoikankha. Ndinadzera padooko. Mkuyu palibe, chitsa chokha, ndipo amayi amene ankachapa pamenepo anandipatsa moni wa mlendo.

Kunyumba ndinazula singano zija bwinobwino, mwamwayi zinabaya mitambo, osati anthu. Kuseri ndalemba ndi pensulo mayina onse anayi, ndi langa lachisanu. Khadiyo ndaiimika pawindo. M'mawa ndikamamwa tiyi ndekha ndimayang'ana msana umenewo, ndipo ndimawasowa kwambiri amayi amene sindinawaonepo.

Ana anga wina ali ku Blantyre, wina ku Joni, sabwera kawirikawiri. Abiti Selemani akutha mphamvu. Ndikanachedwa pang'ono, bwenzi lero nditapachika Anambewe pakhoma, ndikuuza aliyense kuti awa ndi amayi anga.

Inu m'sutikesi mwanu muli angati amene simukuwadziwa? Nanga amene angakuuzeni mayina awo, mwawayendera liti?