Kalata ya dokotala imene ndinamasulira pakhonde

Mwana wa achimwene anga atadwala, kalata ya dokotala anapatsa ine, poti ndimaphunzira za labotale. Banja lonse linali pakhonde kwathu ku Nthalire. Ndinaona kuti yalakwika ndi jini ina, kachidutswa ka chibadwa chochokera kwa makolo, yokhudza mitokondiriya, tizigawo topatsa thupi mphamvu.

"Zimenezi munthu amatengera kwa mayi ake," ndinatero mokweza, ngati dokotalayo ndine.

Adada, bambo athu, sanayang'ane mpongozi wawo. Anafunsa achimwene: "Ndiye kuti ng'ombe zathu za lobola zinakatenga nthenda?"

Alamu anabereka mwanayo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Nditabwerera kusukulu ndinawerenga bwino. Jini imeneyi mwana amatengera kwa makolo onse awiri, choncho nthendayi ndi yathunso. Adada ndawaimbira kanayi tsopano. Ndimangowafunsa za mvula.