Kanema Amene Ankaima Pakhomo la Tchalitchi

Apongozi anga aamuna sanapite ku ukwati wa mwana wanga wamkazi. Sitiroko inali itawafooketsa mbali ya kumanja, ndipo ulendo wa ku Lilongwe sakanaupirira. Komatu bambo ake atamwalira, mwanayo analeredwa ndi iwo. Tsono titabwerako, anatsika ku Nchenachena kudzakhala kwathu ku Phwezi sabata imodzi kuti adzaone kanema wa ukwatiwo. Galimoto yowabweza inali ya Lolemba, mvula isanadule msewu. Kwawoko kulibe tiivi, ndipo pa foni maso awo sankaona kanthu. Akanapanda kumuona sabata imeneyo, sindikudziwa akanamuona liti.

Pabalaza pathu pali kompyuta yakale yopanda sikirini, imene mlamu wanga wa ku Mzuzu anaikonza kuti ikhale nkhokwe ya makanema a banja lonse: maubatizo, makwaya, maliro. Iye amaitcha seva. Tiivi imatunga kwa iyo. Makanema akale amadutsa bwinobwino, koma wa ukwati anajambulidwa ndi kamera yamakono imene tiivi yathu siidziwa. Ndinayesa kubaya fulashi ku tiivi kwenikweniko, inakana. Choncho seva inkayenera kumusandutsa kanemayo uku ikuonetsa, ngati womasulira ulaliki amene akumva Chitumbuka n'kumatulutsa Chichewa nthawi yomweyo.

Lachiwiri masana tinawakhazika apongozi pampando wapafupi, tinapemphera, ndinayatsa. Tinaona mkwatibwi akuvekedwa, tinaona magalimoto akunyamuka. Atangoponda pakhomo la tchalitchi, chithunzi chinauma. Kenako mdima, ndi mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti kusandutsa kwalephereka. Basi. Osanena chifukwa chake.

Ndinayambiranso. Ulendo uno kanema anaimira m'galimoto, mkwatibwi asanafike n'komwe kutchalitchi. Kachitatu anaima akuvekedwa.

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo chinthu chokana popanda kuonetsa njira yake chimandinyansa. Ndinaimbira mlamu uja. Anandiuza kuti ndizimitse n'kuyatsanso, ngati kuti zimenezo sindinaziganize. Lachitatu anati ndisinthe chingwe. Ndinakwera minibasi mpaka ku boma, ndinagula chingwe, palibe chinasintha. Lachinayi anati nditsitse kuwala kwa chithunzi. Nkhope zinasanduka phala, kanema anapitirirako pang'ono n'kuimanso. Lachisanu anati ndifufute zina chifukwa mwina malo achepa, ndipo ndinafufuta makwaya a zaka zitatu amene sindidzawapezanso. Nditamuuza kuti sizinathandize, anati ndiye kuti vuto ndi fayilo, wojambula anandipatsa yowola. Kuchokera pamenepo foni yanga anasiya kuyankha.

Masiku onsewa apongozi ankadzuka, kusamba, kuvala jekete ndi tayi ngati akupita ku ukwati weniweni, n'kukhala pampando paja. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Kufatsa kwawoko n'kumene kunkandiotcha. Munthu watumikira mpingo moyo wake wonse, wapempha kanthu kamodzi kokha, ndipo kabokosi kopangidwa ndi manja a anthu kakumukaniza. Loweruka ndinadumphitsa kanema mpaka pa ulaliki. Anayenda pang'ono n'kufa. Ndinamenya seva ndi chikhatho, kawiri, mwina katatu. Ndinapemphera pemphero limene sindinganyadire, lofunsa Ambuye ngati kwa Iwo amene anagawa nyanja ichi n'chachikulu kwambiri.

Wojambulayo ndi dikoni wa mpingo wathu, bambo wofatsa amene amadyetsa ana ake ndi kamera. Lasabata titatuluka m'mapemphero ndinamupeza pansi pa mtengo, anthu akupatsana moni. Sindinamutengere pambali monga tinaphunzitsidwa. Ndinamuuza pamaso pa amayi ndi akulu a mpingo kuti anandipatsa ntchito yowola, kuti nkhalamba ikubwerera kumapiri osaona mdzukulu wake chifukwa cha iye, ndipo kuti aliyense wofuna kumuitana pa ukwati aganize kawiri. Iye anangoti kwake kanemayo amayenda mpaka kumapeto, koma kompyuta yakeyo ili ku Karonga ndi mnzake mpaka Lachitatu. Ndinamuyankha kuti bodza pa tsiku la Ambuye ndi bodza kawiri.

Ndinabwerera kunyumba. Unali Okutobala, malata akuthetheka. Apongozi anali pampando pawo, jekete lili pathupi. Ndinagwada n'kuwauza kuti kanemayo ndi wowonongeka, andikhululukire. Anandipempha kuti ndiyatse komaliza, aone pomwe pamaonekapo.

Kanema ali mkati, apongozi anakweza dzanja lawo labwino lija n'kuloza pashelefu. Lilime linali lolemera, koma ndinamva.

"Mama, chinthu icho chikulira chomene. M'mawa chimayenda patali, masana chimatopa msanga. Ng'ombe ikatero timaimasula goli."

Ndinatchera khutu. Chinalidi kulira, kafani ka m'kati kakufuula ngati chigayo. Sabata yonse ndinkayang'ana tiivi, osamvetsera bokosi. Ndinaikapo dzanja, ndipo ndinalichotsa msanga.

Pamwamba pa seva panali nsalu. Kwathu kuno chilichonse cha pabalaza chimavekedwa: mipando, tebulo, wailesi, ngakhale tiivi ikazima. Mlendo wolemekezeka sapeza chinthu chili chamaliseche. Tsiku loti apongozi afika mawa, ndinatulutsa m'sutukesi nsalu yokhuthala imene analuka malemu akazi awo, ya maluwa a ulusi wofiira, kuti aione akondwe. Pofuna kuti isade ndi fumbi ndinayala pulasitiki pansi pake. Ndinaikulunga bwino mbali zonse, n'kupanikiza ndi vazi. Timabowo tonse topumira ndinatseka ine, ndi manja anga. Makanema akale safuna mphamvu, n'chifukwa chake ankadutsa. Koma kusandutsa ndi ntchito yolemetsa. Kompyuta inkatentha, ikafika poti ipsa inkasiya ntchitoyo kudzipulumutsa.

Ndinakumbukira mneneri uja amene anakwapula bulu wake katatu, pamene buluyo ankaona lupanga limene mwini wake sankaliona. Kusiyana kwake n'koti ine sindinalekeze pa bulu. Ndinakakwapulanso munthu pabwalo la tchalitchi.

Ndinachotsa vazi, nsalu ndi pulasitiki. Ndinazimitsa seva, ndinaitulutsa pakhonde, ndinapopa fumbi ndi pampu ya njinga mpaka ndinatsokomola. Itazizira ndinaiika pampando pafupi ndi zenera. Nsalu ija ndinaipinda n'kuiika pamiyendo pa apongozi.

Mpaka lero mkwiyo sunandithere wonse. Amene analemba mzere wa Chingerezi uja akanangowonjezera mawu amodzi okha, akuti ndatentha, makwaya anga akanakhalapo ndipo dikoni sakanachita manyazi. Mlamu wanga akanandifunsa kamodzi kuti bokosilo lili pati. Koma sitiweruzidwa ndi zimene ena akanachita. Pakamwa panali panga. Madzulo omwewo ndinapita kwa dikoni kukapepesa, ndipo Lasabata lotsatira ndinaima pansi pa mtengo womwe uja n'kubweza mawu anga. Ena amene anamva poyamba paja sanalipo. Banja lina linali litaitana kale wojambula wa ku Mzuzu. Dikoni anandikhululukira ndi mawu ochepa. Akanandikalipira zikanandipepukirako.

Koma zimenezo zinadza pambuyo. Masana aja ndinayatsa. Mkwatibwi anavekedwa, magalimoto ananyamuka. Mkwatibwi anafika pakhomo la tchalitchi. Anaponda, analowa, anayenda pakati pa mabenchi mpingo utaimirira. Apongozi nawo anayesa kuimirira, ndinawagwira mkono. Anaona malumbiro onse, anaona mphete. Abusa atatambasula manja kudalitsa, iwo anaweramitsa mutu, dzanja lili pa maluwa ofiira aja, n'kuvomera ameni limodzi ndi anthu a m'kanema.

Kanema atatha anandithokoza m'Chitumbuka. Anati, "Yewo, mama. Bwezerani pa malumbiro paja."

Ndinakhudza bokosi kaye. Linali lofunda chabe. Ndinabwezera.