Mano a Nkhono

Tsiku limenelo mphepo sinakhazikike. Inkamenyetsa mawindo a nyumba yosungiramo zamoyo za m'nyanja, ndipo bambo wosesamo, amene anzawo ankawatcha a Tsache, pothamangira kukatseka anagunda kabati. Madilowa atatu anagwa. Zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere, zija zokhala ziwiriziwiri ngati mbale zovundikirana, zinangoti mbwee pansi.

"Mwatiphera ntchito ya zaka khumi," anatero mayi woyang'anira chipindacho. "Lachisanu kukubwera ophunzira. Akapeza zili chonchi, ntchito yanu yatha."

A Tsache anali ndi zaka makumi asanu. Sekondale anailephera kawiri. Akanalowera kuti?

Masiku awiri anakwawa pansi akusanja: zoyera kuno, zamizere uko, zazikulu pazokha. Mayi aja ataona anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mwayesa mabatani a malaya? Mtundu umasuluka, bambo. Tembenuzani chigobacho. Polumikizira ziwirizi pali mano. Banja la m'dilowa lapamwamba lili ndi mano akuluakulu atatu mbali iliyonse. La m'dilowa lachiwiri, awiri. La m'dilowa lachitatu, timano tambirimbiri ngati chipeso."

"Nkhono zili ndi mano?"

"Kuposa inuyo."

A Tsache anagwadanso. Anaphwasula milu yonse n'kuyambiranso. Maso atakana, anabwereka magalasi a mlonda. Amati akakhala adzuke, akadzuka agwade, kuwerenga mano, kusokoneza, kuwerenganso. Kenako zala zinawaphunzitsa zimene sanauzidwe: chigoba chimatsekeka bwinobwino ndi chinzake chokha. China, ngakhale chifanane bwanji, chimagwedera.

Lachisanu m'mawa mabanja onse atatu anali m'malo mwake. Zigoba zinayi zokha zinasowa zinzake.

"Izi zandikanika, mayi."

Mayi aja anaziyang'anitsitsa. "Izi zinabwera zokhazokha kuchokera kale. Inetu kusanja zina zonsezi kunanditengera mwezi." Panja ophunzira anali atayamba phokoso. "Sambani m'manja. Za mano mukawaonetsa ndinu."

A Tsache anasamba m'manja, nawaonetsa.

Inu amene mwasanja molakwika masiku awiri, kaya zaka makumi awiri, musafooke. Phwasulani muluwo, muyambirenso.

Lolemba lake a Tsache anabwereka buku la mayina a nkhono, natsegula tsamba loyamba.