Chaka Chimene Tinafolela Chipinda Chimodzi

Nchito yanga yoyamba yolandila malipilo ndinaipeza chifukwa cholankhula pamene sanandifunse. Inali nthawi ya Chitaganya, atate ake a Tisa ali ku migodi, ine ndili kwathu ku Msanzala ndi mwana wanga Tisayo kumsana. Tsiku lina potuluka m'chalichi anaimilila bambo wina wamfupi, wa chipewa chodyeka m'mbali, nanena kuti boma lavomela kumanga nyumba ya zipinda ziwili pafupi ndi kachipatala kathu, yoti azimai apakati ochokela kutali azidikililamo masiku awo. Ankafuna amuna oumba njelwa, ndi azimai otunga madzi ndi omweta udzu. Ine pakamwa panangotseguka: "Nanga madziwo mukatunga kuti, poti kamtsinje ka kuseli kwa chipatala kamaphwa chisanu chisanathe?"

Bamboyo anali a Sakala, kapitao amene anagwilapo nchito ya mseu ku Kacholola. Anandiyang'ana ine, nayang'ananso mwana.

"Amai, sukulu munalekela pati?"

"Sitandade 3, bambo."

"Yakwana. Mubwele Lolemba. Wafunsa za madzi ndiye aziyang'anila azimai."

Nyumba imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Podikila kubadwa kwa Tisa ndinagona pakhonde la kachipatala komweko m'nyengo ya mvula, mphasa ikunyowa kumiyendo, ndipo sindinkafuna kuti mnzanga aliyense adzaonenso zotelo.

Lolemba lija a Sakala sanatipatse ndowa msanga. Anatikhazika pansi pa mtengo, natola kamtengo, nayamba kulemba padothi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anayambila kumapeto. Anajambula mzele nati, "Iyi ndi mvula. Ndiye bwana wathu weniweni, samva kupepesa." Kenaka anabwelela cham'mbuyo. Mvula isanagwe, denga lifoleledwe. Denga lisanafoleledwe, phaso likwele. Phaso lisanakwele, zipupa ziime. Zipupa zinkadikila mmisili, a Njobvu, amene boma linatibweleka mwezi wa Seputembala wokha, chifukwa ukatha anali ndi nchito ina ku Nyimba. Ndiye kuti a Njobvu pofika apeze njelwa zouma zili mulu. Njelwazo zinali zidina, zija zosaotcha, pakuti nthawi yotema nkhuni ndi kumanga uvuni panalibe.

"Chidina n'cholimba ngati mwala chikakhala ndi chipewa," anatelo a Sakala. "Chikasowa denga, mvula yoyamba chimabwelela kukhala matope."

Kuumba zidina kuli ndi njila yake. Amuna ankakumba dothi la pachulu, ife tikulithila madzi madzulo kuti ligone lili lonyowa. M'mawa ankaliponda ndi mapazi mpaka lifewe, naliponya m'chikombole chotsukidwa, nasalaza pamwamba ndi kathabwa, nakakhuthula pabwalo losesa bwino. Chikombole chimafuna kuviikidwa m'madzi nthawi iliyonse, apo ai dothi limakakamila. Njelwa ikangotuluka timaiphimba ndi udzu wochepa, chifukwa dzuwa ndi mphepo zikaipeza ili yaiwisi imang'aluka. Ikalimba timaiimika cham'mbali kuti iume ponseponse. Nchito yonseyi imamwa madzi ngati ng'ombe.

Udzu wofolelela unali kudambo, kaulendo ndithu kuchokela pachipatala. Udzu umakhwima chisanu chikayamba, ndipo uyenela kumwetedwa tchile lisanatenthedwe. A Sakala ankadziwa bwino zimenezi. Padothi paja anajambula mzele wa udzu pambali pa mzele wa njelwa, yonse iwili ikuyenda limodzi, ndipo anatuma mawu m'midzi yapafupi kuti dambo lija asalitenthe. Nchito yanga inali kugawa azimai m'mawa uliwonse: awa atenge ndowa ndi nkhata, awa atenge zikwakwa ndi luzi.

Poyamba zinayenda. Koma kamtsinje kanaphwa monga mwa masiku onse, tinayamba kufukula mchenga kumunsi, kenaka kumunsi kwake. Ulendo umodzi wa madzi unayamba kudya nthawi ya maulendo atatu akale. Amuna ankangokhala pachulu, zikombole zili gwa, akuitana, "Amake Tisa, dilamu la madzi lauma." Ndiye ndinkachotsa mai mmodzi ku udzu kumuika ku madzi, mailo lake wina, mpaka kudambo kunatsala okalamba okha. Iwowo ankamweta ndi kumanga mitolo, koma mphamvu zoisenza analibe. Mitolo inkangotsala komweko. Ine ndi a Sakala tinkauzana kuti, "Tikamaliza dzenje la dothi ili tikatuta." Dzenje likatha pankabwela lina. Njelwa zinkalila tsiku lililonse, pamene udzu unali chete, ndipo munthu umathamangila mwana amene akulila.

Tsiku lovuta linafika mu Ogasiti, mwezi wa mphepo. Tinali pa dzenje lomaliza, lalikulu kuposa onse, limene likanakwanitsa njelwa za zipinda zonse ziwili. Madzi ake tinatunga mpaka makosi kuuma. Dzuwa litakwela, bwalo linali litadzaza njelwa zaziwisi, zambili zisanaphimbidwe. Amene anaona utsi ndi amake Yobe, mai wa pakamwa pakuthwa amene ankaseleula a Sakala tsiku lililonse. Anatula ndowa, naika dzanja pamphumi.

"A Sakala, denga lanu lija likukwela kumwamba lisanafike pa nyumba."

Utsi unali kuseli kwa dambo, mphepo ikuukankhila kumene kunali mitolo. Anali osaka mbewa a kumidzi ya kutsidya, kumene mawu athu sanafike, kapena anafika naiwalika.

Azimai onse anayang'ana ine, ine ndinayang'ana a Sakala.

"Bambo, manje tipite kuti? Kudambo kapena tiphimbe?"

"Mukachoka, njelwa izi zing'aluka dzuwa lisanapendeke," anatelo. "Madzi oumbila zina mulibe, ndipo a Njobvu sadikila."

"Tikatsala?"

Anavula chipewa, nachipinda m'manja, akuyang'ana bwalo lonse lija la thukuta lathu. Kenaka anati, "Chulu sichithawa. Udzu umamela kamodzi pachaka. Tiyeni tonse. Amuna inunso, siyani zikombole, tengani makasu."

Ana tinawasiya pakhonde la chipatala m'manja mwa azimai apakati amene ankadikilila pamenepo. Tisa analila pomutsitsa kumsana, koma sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanabwelela. Tinathamanga, nsalu titakwinya m'chiuno.

Tinapeza moto utalowa kale m'udzu wosamweta, ukulila ngati chimphepo, akabawi akuzungulila pamwamba kudikila ziwala. A Sakala anaika amuna kutsogolo kuti alambule kanjila ndi makasu pakati pa moto ndi mitolo, ena akupuntha malawi ndi nthambi zaziwisi. Ife anatiuza kuti tisalimbane ndi moto, tizingosenza mitolo kukaiponya pamchenga wa mtsinje wouma, pamene moto sukanapeza chakudya. Ndinaika azimai mumzele, wina apatsile wina, kuti pasakhale wothamanga mtunda wonse. Okalamba ndinawaika kumchenga kuti aziunjika.

Utsi unkalowa m'maso ndi m'khosi. Phulusa lotentha linkagwa pamapewa ngati nyelele zoluma. Mabele anga anadzaza mpaka delesi linanyowa, nthawi yoyamwitsa itapita kale. Moto unalumpha kanjila kaja kawili. Ulendo wachiwiliwo nthethe inagwela pamtolo umene amake Yobe anasenza, ukuyaka iwo osadziwa, mpaka tinawakuwila. Anauponya pansi, nakhudza duku lawo lowauka m'mbali.

"Duku ili ndinalisungila ukwati wa Yobe," anatelo akutsokomola. "A Sakala, mukandigulila lina, kapena mundikwatile."

"Awe, amai, moto umodzi wandikwana lelo," anayankha a Sakala, ndipo tinaseka pakati pa utsi womwewo.

Pamene malawi anafika pa mitolo yotsala, a Sakala anatiletsa kubwelelako. Tinaima pamchenga tikuona udzu wa milungu yambili ukutha ngati tsitsi pa nyali. Palibe anapsa, kupatula matuza m'manja mwa amuna.

Pobwelela tinapeza zimene ananena zija. Njelwa za tsiku limenelo zinali zitang'aluka ngati zidendene za m'chilimwe, ndipo dothi lotsala m'dzenje linali litauma gwa. Ndinakhala pansi pambali pa bwalo, Tisa akuyamwa mokwiya, ine ndikuyang'ana ming'aluyo. Sindinalile, ndinalibe madzi m'thupi.

M'mawa mwake a Sakala anatiitananso pansi pa mtengo uja. Anafafaniza ndi phazi mizele yonse yakale. Udzu wopulumuka unali wokwana chipinda chimodzi ukafoleledwa bwino. Njelwa zouma za m'mbuyomo zinali zokwana chipinda chimodzi ndi kanthu. Amuna ena anati timange zonse ziwili, zipupa zikhale zazifupi, udzu tiuyale mopyapyala, kuti a kuboma akabwela aone nyumba monga anailamulila.

"A kuboma adzaona tsiku limodzi," anatelo a Sakala. "Ogonamo ndi ena. Denga lopyapyala ndi bodza loyalidwa pamwamba pa anthu."

Kenaka ananena mawu amene ndinawasunga. "Musatukwane osaka mbewa, moto umabwela chaka chilichonse. Ine ndinajambula mizele iwili pano, koma manja anu ndinawawelengela kawili. Mai mmodzi sangasenze ndowa ndi mtolo nthawi imodzi."

Anapalasa njinga kupita ku boma ku Petauke kukanena kuti chaka chino chipinda chikhala chimodzi. Anabwelako atafota nkhope. Amake Yobe anawafunsa kuti akulu aja anati bwanji.

"Anena zambili," anayankha, "koma mvula, bwana wathu uja, pamsonkhanopo panalibe."

A Njobvu atafika anang'ung'udza poona maziko a zipinda ziwili ndi njelwa za chimodzi. Komabe anakoka chingwe chawo, naika levulo yoyezela kuwongoka kwa chipupa, namanga chipinda chimodzicho mowongoka bwino. Chipupa cha pakati anasiya njelwa zotulukila ngati mano, kuti chipinda china chidzalumikizike chaka chamawa. Phaso linakwela, mbalo zinamangidwa ndi luzi, ndipo udzu wathu wonunkha utsi unafoleledwa wokhuthala, kuyambila kumunsi kukwela nawo mpaka pansonga. Ife azimai tinazila pansi ndi dothi lakuda.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphepo. Ndinali pafupi, ndinathamangila komweko ndi Tisa. M'katimo azimai anali othithikana, mimba kugundana ndi mimba, akukangana za amene ankaliza mkonono usiku. Ndinayendetsa dzanja m'zipupa zonse, ndinayang'ana kudenga nthawi yaitali. Panalibe dontho.

Kuchokela pamenepo ndagawapo anthu nchito pomanga sukulu, pokumba chitsime, ngakhale pophika pa maukwati. Ndimayambabe kumapeto monga a Sakala, koma ndisanajambule mzele wachiwili ndimafunsa kuti manja ake ndi a yani, ndipo tsiku limenelo adzakhala ali kuti. Ndimafunsanso kuti pa zinthu zonsezi, ndi chiti chimene chikatayika sichipezekanso mpaka chaka chamawa. Chimenecho ndiye chimayamba, ngakhale chikhale chete, ngakhale chikhale chomalizila kukwela pa nyumba.

Chaka chotsatila, pomanga chipinda chachiwili, sitinakhudze chulu mpaka udzu wonse unamwetedwa, kututidwa tsiku lomwelo, ndi kusanjikidwa pathandala pabwalo la chipatala, pozungulila titalambula. Odutsa panjila ankaima n'kumaseka, poona mulu wa udzu wotalika kuposa munthu pambali pa maziko opanda njelwa ngakhale imodzi.

"Nanga nyumba yake ili kuti?" anafunsa bambo wina ali panjinga.

Amake Yobe sanatule n'komwe mtolo. "Pitani, bambo. Chipewa tagula kale, mutu ukubwela."